Elsa Morante: mlembi wa ku Italy amene analemba mbiri ya anthu a m'makomboni

Mayi Elsa Morante, amene anamwalira mu mzinda wa Roma pa 25 Novembala 1985 ali ndi zaka 73, amawerengedwa pakati pa alembi akuluakulu a dziko la Italy a m'zaka za m'ma 1900. Iwo analemba mabuku anayi a nkhani zazitali zopeka, mabuku awiri a ndakatulo, nthano za ana ndiponso nkhani zifupizifupi zambiri. Anali mayi woyamba kulandira mphoto ya Strega, imene ndi yapamwamba kwambiri pa zolembalemba m'dzikolo.

Anthu wamba a ku Italy amawakumbukira koposa chifukwa cha buku limene linatuluka mu 1974, lotchedwa La Storia, kutanthauza kuti Mbiri. Bukuli limasimba za nkhondo yachiwiri ya dziko lonse monga momwe inagwera mayi wamasiye, mphunzitsi wa sukulu ya pulaimale, amene ankalera yekha ana awiri m'madera a anthu osauka a mu Roma. Mayi Morante anaumirira kuti bukulo ligulitsidwe pa mtengo wotsika kuti anthu onga amene anawalemba m'katimo athe kuligula. Mfundo yawo inali yakuti mbiri yolembedwa m'mabuku imatchula mafumu, akazembe a nkhondo ndi atsogoleri a ndale, pamene osenza katundu wa mbiriyo ndi amayi, ana ndi anthu osauka, amene maina awo salembedwa paliponse.

Ubwana ku Testaccio

Elsa anabadwa pa 18 Ogasiti 1912 mu Roma ndipo anakulira ku Testaccio, dera la anthu ogwira ntchito za manja m'mbali mwa mtsinje wa Tevere. Pa nthawiyo derali linkadziwika ndi malo aakulu ophera ng'ombe a mzindawo, ndiponso ndi kaphiri kamene kanapangika ndi mapale a mitsuko ya mafuta imene Aroma akale ankataya pamenepo. Mabanja ambiri ankakhala mothithikana m'nyumba za lendi.

Amayi ake, a Irma Poggibonsi, anali mphunzitsi wa ana aang'ono, ochokera ku banja la Chiyuda la mu mzinda wa Modena. Amuna awo, a Augusto Morante, ankayang'anira anyamata pa nyumba yosungiramo ana olakwira malamulo. Ngakhale Elsa anatenga dzina la Morante, bambo ake omubereka anali a Francesco Lo Monaco, a ku chilumba cha Sicily, amene ankagwira ntchito ku positi ndipo ankafika pakhomopo ngati mnzawo wa banjalo. Chinsinsi chimenechi chinamukhudza mwanayo moyo wake wonse. M'mabuku amene anadzalemba atakula, bambo amakhala munthu wosowa, wongobwera n'kupita kapena wosadziwika bwino, ndipo mwana amatsala ndi mayi ake.

Elsa sanapite ku sukulu ya pulaimale. Anaphunzira kuwerenga ndi kulemba pakhomo, ndipo akali wamng'ono anayamba kupeka tinthano ndi tindakatulo m'makope, n'kumajambulamo yekha zithunzi. Ali ndi zaka pafupifupi 6, thanzi lake litafooka, anakakhala kwa nthawi ndithu kwa mayi ake a ubatizo, a Maria Guerrieri Gonzaga, amene anali a banja lolemera lokhala m'nyumba yaikulu ya dimba ndi antchito. Motero anaona akali mwana mmene olemera amakhalira ndi mmene osauka amakhalira mu mzinda umodzi womwewo.

Atamaliza sukulu ya sekondale ali ndi zaka 18, anachoka pakhomo pa makolo n'kuyamba kudzidalira. Analembetsa ku yunivesite koma analeka chifukwa chosowa ndalama. Kuti apeze chakudya ndi ndalama za lendi, ankaphunzitsa ana a eni ake Chitaliyana ndi Chilatini, kulembera ophunzira a pa yunivesite zolemba zawo za mayeso omaliza, ndi kutumiza nkhani ku manyuzipepala. Kuyambira mu 1933 nthano zake zinayamba kutuluka m'nyuzipepala ya ana yotchedwa Corriere dei Piccoli.

Ukwati ndi nkhondo

Mu 1936 Mayi Morante anakumana ndi a Alberto Moravia, mlembi amene anali atatchuka kale, ndipo awiriwa anakwatirana m'tchalitchi cha Katolika pa 14 Epulo 1941. Chaka chomwecho buku lawo loyamba la nkhani zifupizifupi, Il gioco segreto, kapena kuti Masewero a Chinsinsi, linasindikizidwa. Mu 1942 kunatuluka buku lawo la nthano ya ana lokhala ndi zithunzi zojambula iwo eni.

Zonsezi zinkachitika mu ulamuliro wa a Benito Mussolini, amene anatenga boma mu 1922. Mu 1938 boma lawo linakhazikitsa malamulo a tsankho oletsa Ayuda kuphunzitsa kapena kuphunzira m'masukulu a boma, kugwira ntchito za boma ndi kukwatirana ndi anthu ena a m'dzikomo. Malamulowa anawopseza banja latsopanoli mbali zonse ziwiri, popeza amayi a Mayi Morante anali Myuda ndipo bambo a a Moravia analinso Myuda.

Dziko la Italy linalowa m'nkhondo mu Juni 1940 kumbali ya Germany. Nkhondoyi inakokanso anthu a ku Zambia ndi Malawi, maiko amene pa nthawiyo anali mu ulamuliro wa Britain. Mu Ogasiti 1940 asilikali a Northern Rhodesia Regiment, pamodzi ndi anzawo a ku Nyasaland a King's African Rifles, anamenyana ndi gulu la nkhondo la Italy pa malo otchedwa Tug Argan ku Somaliland, ndipo ndi kumene kunachokera dzina la malo a asilikali a Tug Argan ku Ndola. Pamene anyamata a ku Africa ankafera kutali ndi kwawo pa mkangano wa maiko a ku Ulaya, osauka a mu Roma nawonso anali kuyamba kuona zotsatira za nkhondo imene atsogoleri awo anaifuna.

Pa 19 Julaye 1943 ndege za America zinaponya mabomba pa San Lorenzo, dera la anthu ogwira ntchito limene lili pafupi ndi njanji, ndipo anthu mazanamazana anafa tsiku limodzi. Patapita masiku asanu ndi limodzi a Mussolini anachotsedwa pa mpando. Pa 8 Sepitembala kunalengezedwa kuti Italy yasiya kumenyana ndi Britain ndi America, ndipo asilikali a Germany analanda Roma nthawi yomweyo.

A Moravia anamva kuti dzina lawo lili pa mndandanda wa anthu ofunika kumangidwa. Iwo ndi akazi awo anakwera sitima yolowera kumwera, ku Napoli, koma ulendo unathera pa tauni ya Fondi chifukwa sitima sinathe kupitirira. Anakwera m'mapiri mpaka pa kamudzi ka Sant'Agata, kumene alimi osauka anawapatsa kanyumba ka chipinda chimodzi. Anakhala kumeneko miyezi pafupifupi isanu ndi inayi, akulimbana ndi njala ndi chisanu, ndipo moyo wawo unali m'manja mwa anthu amene ambiri a iwo sankadziwa kuwerenga.

Iwo ali m'mapiri, pa 16 Okutobala 1943, asilikali a Germany anagwira Ayuda a mu Roma nyumba ndi nyumba. Patapita masiku awiri, anthu oposa 1,000 anakwezedwa m'mabogi onyamulira ziweto pa siteshoni ya Tiburtina kupita ku msasa wa Auschwitz. Amene anabwerako amoyo anali 16 okha. Mayi Morante ndi amuna awo anabwerera ku Roma mu 1944, asilikali a Germany atachoka.

Mabuku oyamba ndi mphoto

Nkhondo itatha, Mayi Morante anamaliza buku lalikulu limene analiyamba asanathawe, Menzogna e sortilegio, kutanthauza Bodza ndi Matsenga. Mayi Natalia Ginzburg, mlembi amene ankagwira ntchito ku kampani yosindikiza mabuku ya Einaudi, analiwerenga ndi kulivomereza, ndipo linatuluka mu 1948. Bukuli, la masamba pafupifupi 700, ndi nkhani ya mtsikana Elisa amene wadzitsekera m'chipinda n'kumasimba za agogo ndi makolo ake, anthu osauka a kumwera kwa Italy amene anadziwononga ndi kunyada, kudzinamiza kuti ndi a banja lachifumu, ndi kukonda anthu osawakonda.

Pa nthawiyo alembi ambiri a ku Italy ankalemba nkhani zosapita m'mbali za nkhondo imene inali itangotha kumene, choncho ena anaona ngati bukuli ndi lachikale. Komabe linalandira mphoto ya Viareggio chaka chomwecho. Pamene linamasuliridwa m'Chingerezi ku America mu 1951, osindikiza anadulamo masamba ambiri, zimene zinawapweteka kwambiri mwini wake. Buku lathunthu m'Chingerezi linadzatuluka mu 2023, lomasuliridwa ndi Mayi Jenny McPhee.

Mu 1950 Mayi Morante anayamba kugwira ntchito ndi wailesi ya boma ya RAI, kumene ankaunika mafilimu atsopano mlungu ndi mlungu. Pasanathe zaka ziwiri anasiya ntchitoyo chifukwa akuluakulu a wailesi ankalowerera pa zimene iwo analemba. Khalidwe limeneli, losalola kuti wina awasinthire mawu, anakhala nalo mpaka imfa, ndipo linawadanitsa ndi anthu ambiri, ngakhale abwenzi awo.

Buku lawo lachiwiri, L'isola di Arturo, kapena kuti Chilumba cha Arturo, linatuluka mu 1957. Nkhani yake ikuchitikira pa kachilumba ka Procida, pafupi ndi Napoli. Arturo ndi mnyamata amene amayi ake anamwalira pomubereka. Amakula yekha, akuyendayenda m'mbali mwa nyanja ndi galu wake, ndipo amaona bambo ake, amene amasowa pakhomo kawirikawiri, ngati ngwazi yoyenda maiko akutali. Tsiku lina bamboyo akubwera ndi mkazi watsopano wa zaka 16, Nunziatella, wongosiyana pang'ono msinkhu ndi Arturo. Mnyamatayo akuyamba ndi kumuda mayi womupezayo, kenaka akumukonda, ndipo pomaliza akuzindikira kuti bambo ake ndi munthu wofooka amene maulendo ake sankapitirira madera oyandikana ndi Napoli. Arturo akuchoka pachilumbapo osabwereranso.

Ndi buku limeneli limene linawapezetsa mphoto ya Strega. Mphotoyi inayamba kuperekedwa mu 1947 ndipo kwa zaka khumi inkapita kwa amuna okhaokha. Ngakhale zinali choncho, Mayi Morante sankafuna kuikidwa m'gulu lapadera la alembi achikazi. Ankati ntchito ya mlembi iyesedwe ndi muyeso umodzi, kaya wolembayo ndi mwamuna kapena mkazi. Mu 1958 anatulutsa buku lawo loyamba la ndakatulo, Alibi, limene muli ndakatulo za chikondi chosabwezeredwa ndiponso za amphaka, ziweto zimene ankazikonda kwambiri.

Zaka za chisoni ndi ndakatulo

Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1960 ukwati wawo ndi a Moravia unafika pamapeto. Anapatukana atakhala limodzi zaka pafupifupi 20 opanda mwana, koma ukwatiwo sunathetsedwe mwalamulo. Mu 1962 mnzawo wapamtima, wojambula zithunzi wa ku America a Bill Morrow, anafa atagwa kuchokera pa nyumba yosanja ku New York. Imfa imeneyi inawafooketsa kotero kuti buku limene ankalemba pa nthawiyo sanalimalize.

M'zaka zimenezi ankagwirizana kwambiri ndi mlakatuli ndi wopanga mafilimu a Pier Paolo Pasolini, amene nawonso ankalemba za achinyamata a m'madera osauka a m'mbali mwa Roma. Anayenda nawo ku India mu 1961 ndipo anawathandiza kusankha nyimbo za filimu yawo ya Uthenga Wabwino wa Mateyu ya mu 1964. Mu 1965 Mayi Morante anakamba nkhani pa misonkhano ya anthu ambiri yokhudza bomba la atomiki. Anafotokoza kuti bombalo linabadwa mwa anthu amene anazolowera kukhala m'bodza, ndipo ntchito ya mlembi ndi kuwabweza anthu ku zinthu zenizeni asanadziwononge.

Maganizo amenewa anawaika m'ndakatulo mu buku la mu 1968, Il mondo salvato dai ragazzini, kutanthauza Dziko Lopulumutsidwa ndi Ana. Gawo loyamba ndi maliro a mnzawo uja. M'magawo otsatira muli sewero, nyimbo ndi ndakatulo zina zosindikizidwa mopingasa pa tsamba. M'bukuli anagawa anthu pawiri: ochepa okondwa, amene safuna kulamulira wina aliyense ngakhale azunzidwe, ndi ambiri osakondwa, amene moyo wawo wonse umathera pa kufuna mphamvu ndi chuma. Kwa iwo chiyembekezo cha dziko chinali mwa ana, chifukwa mwana sanaphunzirebe kugwadira mphamvu.

Buku la Mbiri

Kuyambira mu 1971 Mayi Morante anadzipatula kwa zaka zitatu akulemba La Storia. Bukuli analigawa motsata zaka, kuyambira 1941 mpaka 1947. Gawo lililonse limayamba ndi mndandanda wa zochitika zazikulu za chakacho, monga mapangano a atsogoleri, maiko olandidwa ndi chiwerengero cha ophedwa, zolembedwa mouma ngati za m'buku la sukulu. Kenaka nkhani imatsikira kwa mayi mmodzi amene akufunafuna chakudya cha mwana wake. Owerenga amadzionera okha zimene akuluakulu ananena, kuti njovu zikamamenyana wovutika ndi udzu.

Mayiyo ndi Ida Ramundo, mphunzitsi wamasiye wokhala ku San Lorenzo ndi mwana wake wamwamuna Nino. Amayi ake a Ida anali Myuda, ndipo iye amakhala ndi mantha usana ndi usiku kuti boma lidzadziwa. Mu Januwale 1941 msilikali wachinyamata wa ku Germany, ataledzera, akumugwirira m'nyumba mwake. Msilikaliyo akufa patangopita masiku ochepa pa ulendo wopita ku nkhondo ku Africa. Ida sakuuza munthu aliyense, akubisa mimba, ndipo akubereka mwana wamng'ono thupi, wa maso obiriwira ngati thambo, dzina lake Giuseppe, amene amadzitcha yekha Useppe.

Mabomba a mu Julaye 1943 akugwetsa nyumba yawo ndi kupha galu wawo. Ida ndi Useppe akuthawira ku Pietralata, kunja kwa mzinda, kumene akugona m'chipinda chimodzi chachikulu ndi mabanja ena othawa, malire a banja ndi banja ali nsalu ndi masaka. Mu Okutobala Ida, atanyamula mwana, akupezeka pa siteshoni ya Tiburtina ndipo akumva mawu a anthu otsekeredwa m'mabogi aja. M'nyengo ya njala ya mu 1944, mphunzitsi amene sanabepo chinthu chiyambire akuyamba kuba chakudya kuti mwana asafe.

Nino, amene poyamba ankasangalala ndi chipani cha a Mussolini, akulowa gulu la zigawenga zomenyana ndi Germany. Nkhondo itatha akuyamba malonda ozembetsa katundu, ndipo akufa pa ngozi ya galimoto apolisi akumuthamangitsa. Useppe, mwana wosangalala amene amalankhula ndi agalu ndi mbalame, akuyamba kudwala khunyu, ndipo akumwalira mu Juni 1947 asanakwanitse zaka 6. Ida akusokonezeka mutu ndipo akukhala zaka zisanu ndi zinayi m'chipatala cha amisala mpaka imfa yake. Nkhondo inali itatha mu 1945, koma bukuli likusonyeza kuti kwa osauka inapitirira kupha anthu mtendere utalengezedwa kale.

Malo onga Pietralata si achilendo kwa anthu a m'makomboni a mu Lusaka. Boma la a Mussolini linamanga derali m'zaka za m'ma 1930 kuti lisamutsireko osauka ochotsedwa pakati pa mzinda, m'tinyumba topanda madzi ndi zimbudzi, pa malo amene mtsinje wa Aniene unkasefukira, monga momwe madzi amavutitsira anthu a ku Kanyama nyengo ya mvula. M'zaka zomwezo, mu 1935, Lusaka inakhala likulu la Northern Rhodesia, ndipo mapulani a mzindawo sanawaganizire mokwanira anthu akuda amene ankaugwirira ntchito. Ambiri anamanga pa minda ndi pa malo a makampani a azungu, ndipo n'chifukwa chake makomboni ena ali ndi maina onga George, John Laing ndi John Howard. Munali mu 1974, chaka chimene La Storia inatuluka, pamene Zambia inakhazikitsa lamulo lolola kuti makomboni amene anthu anadzimangira okha avomerezedwe ndi kukonzedwa, ndipo George ndi Chawama anali m'gulu la oyamba kufikiridwa ndi ntchitoyo.

Mtengo wa buku ndi mkangano

Mwa chizolowezi, buku latsopano la mlembi wotchuka ku Italy linkayamba kutuluka ndi chikuto cholimba pa mtengo wokwera, ndipo la mtengo wotsika linkabwera patapita nthawi. Mayi Morante anakana zimenezi. Anauza kampani ya Einaudi kuti buku lawo, la masamba oposa 600, lituluke ndi chikuto cha pepala kuyambira tsiku loyamba, ndipo linagulitsidwa pa mtengo wa 2,000 lire, ndalama ya ku Italy ya nthawi imeneyo. Kumayambiriro kwa bukulo anaikako mzere wa mlakatuli wa ku Peru, a César Vallejo, wopereka ulemu kwa munthu wosadziwa kuwerenga.

Bukuli linatuluka mu Juni 1974 ndipo pasanathe chaka makope oposa 600,000 anali atagulidwa. Linafika m'nyumba zimene munalibe mabuku ena, ndipo anthu amene anaona nkhondo ndi maso awo anapezamo njala, mantha ndi maliro zimene ankazidziwa.

Akatswiri ounika mabuku anagawanika. Mayi Ginzburg analiyamikira kwambiri. Ena, makamaka a ndale zomenyera ufulu wa ogwira ntchito, anati bukulo limaonetsa osauka ngati nkhosa zopita kokaphedwa, ndipo silipereka chiyembekezo chakuti anthu atagwirizana angathe kusintha zinthu. Enanso anati linalembedwa kuti lingoliritsa anthu. A Pasolini nawo analidzudzula m'nyuzipepala, ndipo ubwenzi wa awiriwa unasokonekera. A Pasolini anaphedwa mu Novembala 1975. Mayi Morante, amene sankakonda kulankhula ndi atolankhani, analisiya bukulo kuti lidziyankhire lokha.

Masiku omaliza

Mu 1980 Mayi Morante anagwa n'kuthyoka fupa la ntchafu, ndipo kuyambira pamenepo thanzi lawo silinabwererenso. Ali m'kati modwala anamaliza buku lawo lachinayi, Aracoeli, limene linatuluka mu 1982. Ndi nkhani ya mwamuna wa zaka zoposa 40, wosungulumwa, amene akupita ku Andalusia m'dziko la Spain kukafunafuna mudzi wa malemu amayi ake, amene anamukonda ali wakhanda kenaka n'kumutaya. Ndi buku lowawa kuposa ena onse, ndipo mu 1984 linalandira mphoto ya Médicis ku France.

Mu Epulo 1983, atalephera kuyenda, anayesa kudzipha, koma wantchito wawo wa m'nyumba anawapulumutsa. Madokotala anawapeza ndi vuto la madzi ochuluka m'mutu ndipo anawachita opaleshoni. Zaka ziwiri zotsatira anakhala m'chipatala mu Roma. Ndalama zolipirira chipatalacho zinali zambiri, ndipo nkhaniyi inautsa mtsutso m'manyuzipepala wakuti kodi boma liyenera kuthandiza alembi ndi aluso amene atumikira dziko akakalamba ndi kudwala. Mtsogoleri wa dzikolo pa nthawiyo, a Sandro Pertini, anapita kukawazonda. Anamwalira ndi matenda a mtima pa 25 Novembala 1985. Thupi lawo linatenthedwa, ndipo pambuyo pake phulusa linamwazidwa pa nyanja pafupi ndi Procida.

Zimene anasiya

Mawu a akuluakulu akoma akagonera. Mkangano wa mu 1974 unazirala, koma La Storia inapitirira kuwerengedwa. A William Weaver analimasulira m'Chingerezi mu 1977. Mu 1986 a Luigi Comencini anapanga filimu ya pa wailesi ya kanema yochokera m'bukuli, Mayi Claudia Cardinale akusewera ngati Ida, ndipo mu 2024 wailesi ya RAI inaonetsa sewero lina latsopano la magawo angapo lotsogoleredwa ndi Mayi Francesca Archibugi. Mu 2002, pamene bungwe la mabuku la ku Norway linapempha alembi 100 a m'maiko 54 kuti asankhe mabuku 100 opambana pa dziko lonse, La Storia inalowa pa mndandandawo pamodzi ndi Things Fall Apart ya a Chinua Achebe a ku Nigeria.

Alembi a m'badwo wotsatira anaphunzira zambiri kwa iwo. Elena Ferrante, amene mabuku ake onena za atsikana awiri okulira m'dera losauka la ku Napoli amawerengedwa m'maiko ambiri, wakhala akutchula Mayi Morante ngati mlembi amene anamutsegula maso. Ku Italy kuli mphoto za zolembalemba zotchedwa ndi dzina lawo, ina mwa izo yoperekedwa pa chilumba cha Procida.

Tsiku limene anamwalira, 25 Novembala, ndi lomwe bungwe la United Nations linadzasankha mu 1999 kukhala tsiku lolimbana ndi nkhanza zochitira amayi, ndipo ku Zambia ndi pamene amayambira masiku 16 okumbutsana za nkhanza zotere. Zinangochitika kuti masikuwa afanane, komabe buku lawo lalikulu limayamba ndi mayi wogwiriridwa amene alibe kokadandaula, ndipo limamutsata mpaka kumanda osamuchotsera ulemu wake.

Funso limene Mayi Morante analimbana nalo, lakuti nkhani ya osauka iwafikire bwanji eni ake, likudziwikanso ku Zambia. Kumeneko yankho lina linachokera ku wailesi, pamene a Julius Chongo ankasimba nthano zawo za Chinyanja pa pulogalamu ya Poceza M'madzulo, zimene zinkamvedwa ndi odziwa kuwerenga ndi osadziwa omwe, m'midzi ya ku Chipata ndi m'makomboni a Matero ndi Kalingalinga. Mayi Morante anasankha njira ya buku lotsika mtengo, ndipo anakakamiza osindikiza kuti aitsate.

Makope amene ankalembamo pamanja akusungidwa ku nyumba yaikulu ya mabuku ya boma mu Roma. Kumeneko, kuyambira mu 2015, kuli chipinda chimene anaikamo tebulo lawo lolembera, mabuku awo ndi katundu wina wochokera m'nyumba imene ankakhala pa msewu wa Via dell'Oca, ndipo anthu amaloledwa kukachiona.